ZA UMOYO WATHU: Nyung'unyu, Mfundo Yosenza Thupi

Sabata ino tikambe za mfundo imodzi ya m'thupi mwathu imene anthu ambiri saiganizira konse kufikira tsiku limene iyamba kupweteka. Mfundoyi ndiyo nyung'unyu, imene ena amati nsukunyu, ndipo iri pamalo pamene pfupa la nchafu lilowa m'mafupa a chiuno. Munthu ali yense ali nazo ziwiri, ina kumanja, ina kumanzere. Mukamalima, mukamabandira, mukamachokera ku chitsime ndi ndowa pamutu, mukamapalasa njinga kunka ku msika, ngakhale pamene mungokhala pansi kuti mudye nsima, nyung'unyu ziri pa nchito. Mlimi wodwala dzanja limodzi angathe kupitabe ku munda nakachita pang'ono, koma mlimi amene nyung'unyu yache yaonongeka safika ndi ku mundako komwe, ndipo nkhokwe ya banja lache ikhala yopanda kanthu chaka chimenecho.

Poyamba timvane za mau. Munthu akati "chiuno chikundipweteka" angathe kutanthauza malo osiyanasiyana, ndipo dokotala afuna kudziwa malo eni eni. Kupweteka kochokera mu nyung'unyu kumveka kutsogolo, pamene nchafu ipindikira pokumana ndi mimba, pomwe paja patuluka mwanabere munthu akakhala ndi chironda ku phazi. Kuchokera pamenepo kutsikira kutsogolo kwa nchafu kufikira ku bondo. Koma kupweteka koyambira kumunsi kwa msana, kodzera m'thako ndi kutsika kumbuyo kwa mwendo mpaka ku phazi, makamaka ngati kudza ndi dzanzi, kawiri kawiri gwero lache ndi msana. Tsono mukafika ku chipatala musangoti "chiuno". Lozani ndi chala chimodzi pamene papweteka.

Kapangidwe kache

Palibe chifukwa chofunira buku la zithunzi, pakuti mbuzi ingathe kukuphunzitsani. Tsiku limene mudzapha mbuzi pa ukwati kapena pa Khrisimasi, mudzaime pafupi ndi wosenda pamene alekanitsa mwendo wa m'mbuyo ndi chiuno. Mudzaona kuti kumtunda kwa pfupa la nchafu kuli mutu wobulungira, woyera ndi wonyezimira, ndipo mutuwo unakhala m'kadzenje kozama ka m'pfupa la chiuno. Mudzaonanso kachingwe kakafupi kochokera pakati pa mutuwo kolowa pansi pa kadzenjeko, kamene wosenda ayenera kudula ndi nsonga ya mpeni kuti mwendo uchoke. Nyung'unyu ya munthu inapangidwa chimodzimodzi, kungoti ndi yaikulu. Ena aifanizira ndi munsi mu mtondo. Fanizolo ndi labwino, koma munsi ulowa ndi kutuluka, pamene mutu wa pfupali sutuluka konse: uzungulira momwemo moyo wonse wa munthu. Kadzenje kaja madokotala amakatcha acetabulum, liu la Chilatini lotanthauza kambale kakang'ono kamene Aroma akale ankathiramo viniga pakudya.

Bondo lichita ngati chitseko, kutseguka ndi kutsekeka njira imodzi yokha. Nyung'unyu ilola mwendo kupita kutsogolo, kumbuyo, kumbali, ndi kutembenukira m'kati kapena kunja. Ndicho chifukwa chache mungathe kukhala chonjuta, kulumpha ngalande, kukwera mu mtengo wa mango, ndiponso amai angathe kubvina chimtali usiku wonse.

Choyera chonyezimira chija chimene chinakuta mutu wa pfupa, chinayalanso m'kati mwa kadzenje. Si pfupa ai, ndi chikutiro chofewerapo chimene kukhuthala kwache ndi mamilimita 2 kapena 3 okha, ndipo ndi choterera koposa sopo wonyowa. Pakati pache pali timadzi pang'ono tonanda ngati therere, timene tigwira nchito ya girizi wa mu habu ya njinga. Zinthu ziwiri muzisunge za chikutiro chimenechi. Choyamba, mulibe mitsempha ya magazi m'kati mwache, kotero chakudya chache chichilandira kuchokera m'timadzi tija, ndipo timadzito tilowa ndi kutuluka pokha pokha munthu akamayenda. Mfundo yongokhala osagwedezeka ifa ndi njala. Chachiwiri, chikutirochi chikaperepeseka sichimeranso monga limera khungu kapena pfupa.

Kunja kwa mfundoyi kuli thumba lolimba loizinga ponse ponse, ndi zingwe za mnofu wouma zoimanga ngati luzi pa phaso. Chingwe cha kutsogolo ndicho cholimba koposa zingwe zonse za m'thupi la munthu, ndipo ndicho chikuchititsani kuti muime chiriri nthawi yaitali pa msonkhano wa kwa mfumu osagwa chagada. Pamwamba pa zonsezi pali minofu ya matako ndi ya nchafu, imene ikoka mwendo kuti uyende.

Pfupa la nchafu ndilo lalitali koposa mafupa onse a munthu, ndipo ndi lolimba zedi, koma liri ndi malo amodzi ofooka. Silinaongoke kufikira kumapeto ngati nzimbe. Kumtunda kwache lipindikira m'kati, ndipo pakati pa thunthu lache ndi mutu wobulungira uja pali khosi lalifupi lopapatiza. Timitsempha ta magazi todyetsa mutuwo tikwera motsata khosi limeneli, monga kanjira kamodzi kopita ku mudzi wa pa chilumba. Khosilo likathyoka, kapena timitsemphato tikatsekeka, mutu wa pfupa usowa magazi, nuyamba kufa ndi kuphwanyika. Mabvuto ambiri amene tikambe m'munsimu achokera pamenepa.

Katundu amene isenza

Taimirirani tsopano ndi mwendo umodzi, ndipo gwirani ndi dzanja kumbali kwa thako la mwendo umene mwaimirawo. Mumva mnofu utalimba gwa. Mnofu umenewo ukukoka chiuno kuti chisapendekere mbali imene mwanyamula phazi. Poyenda munthu aima ndi mwendo umodzi pa sitepe iri yonse, ndipo kukoka kwa mnofuwo pamodzi ndi kulemera kwa thupi kupanikiza mutu wa pfupa ndi mphamvu yoposa kulemera kwa munthuyo kawiri ndi theka, mwina katatu. Mwamuna wolemera makilogalamu 60 akamayenda, nyung'unyu yache isenza ngati matumba 3 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo itero pa sitepe iri yonse kuchokera kunyumba kufikira ku dimba. Mai akasenza ndowa ya malita 20, nyung'unyu yache imva ngati aiwonjezera thumba lina lathunthu.

Pamenepa mpamene pali chinsinsi cha ndodo. Anthu ambiri amene mwendo uwapweteka agwira ndodo ku dzanja la mbali yomweyo yopwetekayo. Kumeneko nkulakwa. Ngati yopweteka ndi nyung'unyu ya kumanja, ndodo ikhale m'dzanja lamanzere, ndipo iponde pansi nthawi imodzi ndi phazi lamanja. Ikatero ithandiza mnofu uja kugwira chiuno, ndipo katundu wa pa mfundo yodwalayo apepuka kwambiri. Kutalika kwa ndodo kufike pamene dzanja lilumikizana ndi mkono munthu ataimirira manja ali pansi. Auzeni agogo lero lomwe, sikulira ndalama.

Kubereka mwana kumbuyo

Inu amai, pano pali nkhani yokuyamikani. Khanda likabadwa kadzenje ka nyung'unyu yache kakhala kosazama, ndipo kazama pang'ono pang'ono m'miyezi yoyamba, malinga mutu wa pfupa ukhale bwino pakati pache. Ukhala bwino pamene miyendo ya khandalo iri yopinda ndi yotangadza ngati ya chule. Umo ndi momwe mwana akhalira mukam'bereka kumbuyo ndi mbereko kapena chitenje. M'maiko mmene anali ndi mwambo wokulunga makanda zolimba miyendo itaongoledwa ndi kuphatikizidwa pamodzi, ana ambiri ankakula ndi nyung'unyu yoguluka, natsimphina moyo wao wonse. Ku Japan bvutoli linali lalikulu kufikira mu 1975, pamene anayamba kuphunzitsa amai m'dziko lonse kuti aleke kumanga miyendo ya makanda, ndipo linachepa kwambiri. Kuno kwathu madokotala a pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre anafufuza m'mabuku mwao za ana oposa 40,000 amene anawaona pa zaka 10, ndipo mu 2015 analengeza kuti pakati pa onsewo sanapeze khanda lodza ndi bvuto limeneli. Iwo aganiza kuti kubereka kumbuyo ndiko kuthandiza. Tsono wina asakunamizeni kuti kubereka mwana kupotoza miyendo yache, kapena kuti nkwachikale.

Komabe pomsambitsa mwana muziyang'ana. Ngati mwendo umodzi sutangadza monga unzache, kapena uoneka waufupi, muuzeni namwino pa tsiku la sikelo, makamaka ngati mwanayo anabadwa chotsogoza matako. Bvutoli likapezeka m'miyezi yoyamba likonzeka ndi malamba ongogwira miyendo, popanda mpeni.

Mwana wotsimphina

Iyi ndiyo mbali imene tifuna kuti muiwerenge kawiri, ndi kuwawerengeranso anzanu amene sadziwa kuwerenga. Mwana satsimphina popanda chifukwa. Mukayang'ana ku phazi osapeza minga, thekenya kapena chironda, ganizani za nyung'unyu.

Choopsa koposa ndi mafinya a m'kati mwa mfundo. Tizirombo tiyenda m'magazi kuchokera pa chithupsa, chironda kapena nthenda ina, ndi kukamanga mu nyung'unyu. Mwana amene dzulo anali kusewera, lero atentha thupi, akana kuponda pansi, agona atapinda mwendo umodzi nautembenuzira kunja, ndipo mukangougwedeza pang'ono alira mokuwa. Khanda losayenda lingoleka kutakasa mwendo umodziwo, nililira pamene mulisintha thewera. Makolo ambiri aganiza kuti ndi malungo, ena aganiza kuti waponda mankhwala oipa pa njira, ndipo masiku apita ali kuthowa ndi madzi otentha kapena kutema mphini. Koma mafinya otsekeredwa m'thumba la mfundo asungunula chikutiro choyera chija m'masiku owerengeka, napanikizanso timitsempha ta magazi ta m'khosi la pfupa. Sabata imodzi yochedwa ikwanira kuti mwanayo akhale wolumala kufikira ukalamba wache. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale kuli mvula, ngakhale fodya ali pa chigafa. Akampima magazi nampeza ndi malungo, musachoke musananene za mwendowo, pakuti mwana angathe kukhala ndi nthenda ziwiri nthawi imodzi. Mankhwala ache ndiwo kutulutsa mafinyawo ndi kum'baya jakisoni wa mankhwala opha tizirombo masiku angapo. Nzoona kuti pali kutupa kwina kwa nyung'unyu kumene kudza mwana atangochira chimfine, ndi kutha kokha pa sabata imodzi kapena ziwiri, koma kusiyanitsa ziwirizi sikutheka pakhomo.

Chifuwa chachikulu nacho sichikhala m'mapapo mokha. Chikalowa mu nyung'unyu sichichita phokoso. Mwana ayamba kutsimphina pang'ono, miyezi nkumapita, nchafu ya mbali imeneyo iyamba kuonda, thupi lonse lichepa, ndipo usiku adzidzimuka ndi kulira kenaka nkugonanso. Ngati m'nyumbamo muli munthu wotsokomola nthawi yaitali, nenani zimenezo kwa dokotala. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za Boma, ndipo amwedwa miyezi 6 kapena kupitirira, osalumpha tsiku.

Pali nthenda inanso yotchedwa Perthes, imene igwira ana a zaka 4 kufikira 10, makamaka anyamata, pamene magazi aleka kufika bwino m'mutu wa pfupa. Kwa ana okulirapo, a zaka 10 kufikira 16, makamaka onenepa, mutu wa pfupa ungathe kutsetsereka pa khosi lache pamalo pamene pfupalo likulira. Mwana wotere ayenda phazi litaloza kunja, ndipo chodabwitsa nchakuti kawiri kawiri adandaula bondo, osati chiuno. Makolo apaka mafuta pa bondo, alimanga ndi nsalu, pamene bondolo liribe mlandu. Mwana ali yense wodandaula bondo limene silinatupe ndipo siliri ndi bala, apimidwe nyung'unyu, ndipo asayende mtunda wautali asanapimidwe. Ana ndi achinyamata odwala nthenda ya magazi ya sickle cell nawonso nyung'unyu zao zionongeka msanga, kotero akayamba kutsimphina musazengereze.

Nyamakazi ya akulu akulu

Munthu akamakula chikutiro choterera chija chingathe kuperepeseka kufikira pfupa likhudzana ndi pfupa linzache. Iyi ndi nyamakazi ya nyung'unyu. Iyamba mwakachetechete: mwendo uuma m'mawa podzuka, numasuka munthu akayenda pang'ono, nupwetekanso madzulo pochokera ku munda. Pambuyo pache munthu aona kuti akubvutika kusamba phazi lache, kukhala chonjuta m'chimbudzi, kapena kuponya mwendo pokwera njinga. Alimi idziwana nao kwambiri chifukwa cha kusenza zolemera zaka zambiri. Ku Britain, kuyambira mu 2005, Boma la kumeneko liiwerengera ngati nthenda yobwera ndi nchito kwa munthu amene walima zaka 10 kapena kuposa. Kuno kulibe amene adzakulipirani, tsono dzisamaleni nokha. Thumba la feteleza muligwire awiri, kapena muliike pa njinga kapena pa wilibala. Ndipo inu abambo, mnyamata wa zaka 12 sayenera kusenza thumba la makilogalamu 50 kuti aonetse kuti wakula, pakuti mafupa ache akali kukula.

Nyamakazi ikakugwirani musathawire pa mphasa. Kumbukirani kuti mfundo idya pamene iyenda. Yendani tsiku ndi tsiku mtunda umene mungathe, limani pang'ono nkupumula, ndipo ngati njinga simubvutika kukwera, kupalasa pa njira yosalala nkwabwino chifukwa chishalo chisenza thupi. M'mawa musanadzuke, gonani chagada, pindani maondo, ndipo nyamulani matako m'mwamba kakhumi. Kenaka gonani chammbali ndi kukweza mwendo wa pamwamba kakhumi. Minofu ya matako ikalimba mfundo ipumula. Khalani pa mpando wotalikirapo m'malo mwa pansi, ndipo ana akupangireni kampando koboola pakati koika pa dzenje la chimbudzi, ndi mtengo wolimba wozika pambali wogwirira podzuka. Amene thupi lakula, kuchepetsa pang'ono kuthandiza koposa mafuta onse opaka a m'sitolo.

Za mapiritsi tinene mosabisa. Panado angathandize, malinga musapitirire muyezo wolembedwa. Brufen, indocid ndi diclofenac aziziritsa ululu ndithu, koma kumwa tsiku ndi tsiku miyezi yambiri kuboola zironda m'mimba ndi kuononga impso, makamaka kwa okalamba. Oipa koposa ndi timapiritsi totchedwa prednisolone ndi dexamethasone timene ena agulitsa m'misika popanda chilolezo, ena nkumamwa kuti anenepe. Timeneti tikamwedwa nthawi yaitali tifewetsa mafupa ndipo tingathe kupha mutu wa pfupa la nchafu. Kachasu womwa mopitiriza zaka zambiri achita chimodzimodzi, ndipo ndiye alumaza amuna ena a zaka 35 kapena 40 amene sanagwepo pena pali ponse. Mphini sizifika pa nyung'unyu, imene iri pansi pa minofu yokhuthala. Chimene lumo lichita ndi kutsegulira tizirombo khomo.

Chenjeraninso ndi anthu obaya jakisoni m'midzi amene sanaphunzire nchitoyo. Kumbuyo kwa nyung'unyu, pakati pa thako, kudutsa mtsempha waukulu ngati chala chanu, umene upereka mphamvu ndi kumva ku mbali yaikulu ya mwendo. Singano ikaulasa phazi lingathe kulendewera moyo wonse, munthu nkumalikoka poyenda.

Agogo akagwa

Mafupa a munthu wokalamba apepuka m'kati ngati mtengo wofumbwa, makamaka a amai amene analeka kusamba kumwezi. Kunja aoneka bwino lomwe. Tsono agogo aterereka pa matope a pakhomo m'dzinja, kapena apunthwa pa chikuni usiku popita ku chimbudzi, nagwa chammbali, ndipo khosi la pfupa lija lithyoka. Kugwa kwache nkwakung'ono, kotero anthu ati angobzungunyuka, adzuka mawa.

Zizindikiro ndi izi: alephera kuimirira, adandaula kupweteka kutsogolo kwa chiuno, ndipo mukawagoneka chagada muona mwendo umodzi wafupika ndipo phazi lache lagwera kunja. Koma dziwani kuti ena pfupa lingochita mng'alu osalekana, ndipo angathe kuyenda motsimphina masiku angapo lisanalekane. Chifukwa chache munthu wokalamba ali yense amene wagwa ndipo chiuno chikupwetekabe poponda, akajambulidwe pa X-ray.

Musakoke mwendowo, musausisite, musawaimiritse kuti muone ngati angayende. Pindani bulangeti kapena zitenje, ikani pakati pa miyendo, ndipo mangani miyendo iwiriyo pamodzi mosathinitsa, pa akakolo ndi pa maondo, kuti mwendo wabwino ugwire wothyokawo. Zulani chitseko, anthu anai kapena asanu awanyamule pamodzi mosawapinda ndi kuwagoneka pamenepo. Ngati muwatengera pa ngolo yalanipo matiresi kapena udzu wambiri, ndipo ng'ombe ziyende pang'ono pang'ono. Kuwakhazika pa kaliyala wa njinga kapena pa njinga yamoto ya kabaza ndi kuwazunza, ndiponso kungathe kudula timitsempha timene tinatsala. Afunditseni, ndipo musawapatse nsima pa njira, pakuti mwina adokotala adzafuna kuwagoneka tulo ta opaleshoni.

Ena anena kuti agogo akalamba kale, kuwabvutitsiranji ndi ulendo wa ku chipatala, angogona m'nyumba pfupa lidzagwirana lokha. Abale, maganizo amenewa apha anthu. Khosi la pfupali kawiri kawiri siligwirana lokha, chifukwa magazi ache adulidwa. Ndipo chimene chipha wokalamba wotere ndi kugona kumene: chibayo chilowa m'mapapo, zironda zituluka pa matako ndi pa zidendene, magazi aundana m'mitsempha ya miyendo. Ngakhale m'maiko a ku Ulaya, kumene odwala otere achitidwa opaleshoni m'masiku awiri, mwa okalamba 4 kapena 5 othyoka nyung'unyu mmodzi afa chaka chisanathe. Nanga wongosiyidwa m'kachipinda ka mdima?

Nyung'unyu ya munthu wamphamvu siiguluka wamba. Iguluka pa ngozi yaikulu, monga kugwa pa lole yodzaza kapena kuombana kwa galimoto bondo litagunda mpando wa kutsogolo. Pamenepo mwendo ufupika ndipo bondo litembenukira m'kati. Mutu wa pfupa uyenera kubwezedwa m'malo mwache msanga, makamaka maola 6 asanathe, munthu atagonekedwa tulo ku chipatala. Si nchito ya amuna a m'mudzi kukokana nao.

Ku chipatala

M'zipatala za m'maboma muli madokotala othandiza ophunzira za mafupa, amene maphunziro ao anayamba m'dziko muno mu 1985 ndi Dr Edward Blair, ndipo ndiwo aona odwala mafupa ambiri a m'midzi. Iwo adzajambula, naona ngati wodwala atumizidwe ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba, Mzuzu, kapena Kamuzu ku Lilongwe, kumene mu 2023 anatsegulako chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION. Pena pfupa aligwira ndi zitsulo. Pena achotsa mutu wakufawo naikapo wachitsulo. Njira yosintha nyung'unyu yonse, mutu wachitsulo ndi kadzenje ka pulasitiki, anaikonza bwino dokotala wina dzina lache John Charnley pa chipatala cha Wrightington ku England mu 1962, ndipo lero ichitika ndi kuno komwe, kungoti zipangizo zache nzodula ndipo malo ochitira ndi ochepa. Pamene opaleshoni siitheka msanga, wodwala agonekedwa pa bedi mwendo utakokedwa ndi zolemera zolendewera pa chingwe, nthawi zina masabata 6 kapena kuposa.

Inu amene mudzakhala wodikirira wodwala wotere, nchito yanu ndi yaikulu. Zolemera zija musazichotse kapena kuzitsamiritsa pansi chifukwa chomvera chisoni. Khungu la kumsana ndi matako likhale louma ndi loyera, ndipo muziwathandiza kusuntha thupi maola awiri ali onse monga anamwino akusonyezerani. Akhale tsonga nthawi zambiri momwe aloledwera, azipuma mokoka mpweya ndi kutsokomola, azigwedeza zala ndi akakolo, azimwa madzi ambiri. Tsiku limene adokotala anena kuti adzuke ayambe kuponda, musawaletse poti akali ofooka, pakuti kudzuka msanga ndiko kuwapulumutsa.

Kuti zisafike pamenepo, mafupa adyetsedwe kuyambira ubwana. Usipa, matemba ndi kapenta zodyedwa ndi minga yache yomwe, phala la mawere, mkaka kwa amene ali ndi ng'ombe kapena mbuzi, bonongwe, chisoso, nkhwani ndi soya, zonsezi ziri ndi chakudya chomanga mafupa. Dzuwa la m'mawa lithandiza thupi kuchilandira, kotero agogo asabindikiritsidwe m'nyumba. Fodya wosuta afewetsa mafupa. Njira ya ku chimbudzi ikhale yosesa, yopanda zitsa, zikuni ndi maenje, ndipo pamene paterera thiranipo mchenga kapena zidutswa za njerwa mvula isanayambe. Tochi ikhale pa mutu pa mphasa ya agogo, ndipo ngati maso ao achita ng'ala apite nao akawaone, pakuti ambiri agwa chifukwa sanaone chimene chinali patsogolo pao.

Sabata ya mawa tidzakamba za bondo, ndi chimene muyenera kuchita likatupa madzi.